Kove wa ku Valeta

Titabwerako ku Malawi nkhondo itatha, sitinakhalitse kwathu ku Angónia. Munda umene ndinkayembekeza kulima tinaupeza utasanduka tchire, ndipo anthu anatiletsa kulowamo ati muli mabomba okwirira pansi. Amuna anga anamva kuti ku Tete kukumangidwa nyumba ndipo akufuna anthu onyamula simenti. Tinakwera lole ndi ana athu awiri, mtsikana ndi wina woyamwa, n'kukafikira ku Degue, m'kanyumba ka mabango komwe anatibwereka mayi wina wa ku Tsangano amene tinadziwana naye ku kampu.

Ine ndinakulira m'dimba. Kwathu ndinkadziwika ndi kabichi ndi mpiru, moti ngakhale ku kampu ndinali ndi kabedi kanga kuseri kwa nyumba. Choncho mayi wa ku Tsangano uja atandipatsa kamalo pafupi ndi chitsime chake, ndinaganiza kuti anthu a ku Tete aona chimene mkazi wa ku Angónia amachita ndi khasu. Dzuwa la kuno sindinkalidziwa. Ndinkathirira m'mamawa, pofika masana masamba ali lende ngati awathira madzi otentha. Chitsimecho chinkaphwa tsiku ndi tsiku, mpaka tinayamba kutunga ndi chikho, kudikira kuti madzi asonkhane. Kove wanga, amene ku Malawi akanangomutcha repu wamkulu, ankatuluka ndi timasamba tong'ambikang'ambika, tosakwana ndi chikhatho chomwe.

Ku msika ndinkayala pafupi ndi mkazi wina wa Chinyungwe. Anali wamtali, wakuda bwino, ndi mpata pakati pa mano akutsogolo, ndipo akaseka ankaweramitsa mutu kumbuyo. Mwamuna wake anapita ku nkhondo osabwerako. Iye sanathawe ngati ife, anakhala mu mzinda zaka zonsezo, Chipwitikizi ankachilankhula ngati madzi. Kove wake anali wobiriwira mpaka kuda, tsamba limodzi lokwana kufunditsa khanda. Ankabweretsanso alifasi, masamba aja amene anthu a m'tauni amadya osaphika. Ogula ankadutsa pa ine ngati pali mwala, kukaima pa iye. Dzuwa lisanafike pamutu iye amakhala atakutumula kale chiguduli chake, ine ndikuwazabe madzi pa timitolo tanga kuti tioneke amoyo. Ankanditcha mana, ndiye kuti mkulu wake, ndipo popita ankandifunsa ngati angandithandize kuitanira ogula. Ndinkakana.

Amayi ena a mu msika ndi amene anandiuza kumene ankalima. Anati dimba lake lili kumunsi kwa valeta, ngalande imene inkatsitsa madzi oipa a m'nyumba za m'tauni, chifukwa mapaipi anasweka nthawi ya nkhondo osakonzedwa. Tsiku lina pobwerera kunyumba ndinadzera kumeneko kuti ndidzionere. Fungo linandichingamira ndisanafike. Madziwo anali akuda, a thovu m'mbali, akuyenda pang'onopang'ono ndi mapepala ndi zina zimene sindingatchule. Koma mbali zonse ziwiri kunali kobiriwira ngati kwathu m'nyengo ya mvula, pamene Tete yense anali fumbi ndi miyala. Ndinaima nthawi yaitali nditaphimba mphuno ndi nsalu. Madzulo ake ndinauza amuna anga kuti anthu a kuno ndi auve, akudyetsa anzawo zam'chimbudzi, ndipo ine bola kufa ndi njala kusiyana ndi kuponda m'madzi amenewo. Iwo anangoti ee, n'kupitiriza kukonza nsapato yawo.

Patapita miyezi, ntchito ya ku obra, kumalo omanga nyumba kumene amuna anga ankanyamula simenti, inaima, mwini wake atapita ku Beira osabwerera msanga. Amuna anga ankadzukabe m'mamawa, ati kukasaka ganyu. Masiku oyamba ankabwera oyera ndi fumbi ngati kale. Kenako anayamba kubwera buluku litanyowa mpaka m'maondo, ndipo asanalowe m'nyumba ankapita kaye kuseri kukasamba. Sopo sankachotsa zonse. Ndikachapa bulukulo ndinkamva kafungo kamene ndinkakadziwa. Sipanatenge nthawi, anayamba kukanda mapazi. Pakati pa zala panayera, kenako panang'ambika, n'kumatuluka madzi. Mapazi otero ndinali nditawaona kale, pa amayi onse a ku valeta amene ankavula patapata akakhala pansi mu msika.

Ndinawafunsa tsiku Lamulungu titabwera kutchalitchi, ana ali panja.

"Bambo, ganyu wanuyu mukumugwira kwa ndani?"

Anayang'ana mapazi awo, kenako anandiuza zoona. Mkazi wa mpata m'mano uja ankafuna mwamuna woti amukumbire tingalande tolowetsa madzi m'mabedi, ndipo m'malo mowalipira anawadulira kachigawo ka dimba lake kuti azilima chawo. Ati sanandiuze chifukwa cha mmene ndinanyozera madziwo. Ndinafunsa ngati amuna anatha mu Tete muno kuti mpaka apeze wa mwini. Anati iwo ndi amene anapita kukapempha, atamva kwa anzawo a ku obra, ndipo mayiyo ndi munthu wabwino, wolimbikira ntchito. Mawu akuti wabwinowo ndinagona nawo masiku ambiri.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuona zinthu zimene mwina zinalipo kale. Amuna anga, amene ku Malawi zaka zonsezo sanasinthe lilime, anayamba kuponyamo mawu a Chinyungwe polankhula ndi ana. Anagula kagalasi kometera ndevu. Akamafotokoza za kubzala ankati "kumeneko timatere", ngati kuti ine amene ndinawaphunzitsa kuwokera kabichi sindidziwa kanthu. Ku msika mkazi uja ankandipatsa moni monga kale, nthawi zina n'kuwonjezera kuti bambo alimbikira lero, amaliza bedi lonse. Ndinkangomwetulira. Ndinkayang'ana manja ake, khosi lake, mmene ankamangira duku, kufuna kupeza chimene anali nacho chimene ine ndinalibe, ndipo tsiku lililonse ndinkachipeza.

Kove woyamba wa m'chigawo chawo atabwera naye kunyumba, ndinamusiya padengu mpaka madzulo. Koma m'nyumba munalibe ndiwo ina, ndipo mtsikana wanga anali atayamba kuyendayenda pafupi ndi mafuwa. Ndinamutsuka kangapo, n'kumuphika mpaka atapsa kwambiri, ndi nsinjiro pang'ono. Anali wofewa, wokoma. Amuna anga anadya osayang'ana kumbali, ine ndinadya ndili ndi mkwiyo chifukwa ndinkafuna akhale wowawa.

Nyengo yotentha ili pakati, kunabwera bambo wina wa zaumoyo, wovala malaya oyera, amene anaitanitsa onse olima ku valeta kuti akumane pansi pa mtengo wa masawu pafupi ndi madimbawo. Ine sindinali wa kumeneko, koma ndinapita, ndinakhala kumbuyo ndi mwana kumsana. Bamboyo analankhula Chipwitikizi, wina n'kumamasulira. Anati madziwo ali ndi mazira a njoka zam'mimba ndi tizilombo totsegula m'mimba, kuti tizilomboto timalowa m'mabala a kumapazi ndi kutsalira pa masamba, makamaka alifasi amene sapita pamoto. Mtima wanga unkavomera mawu aliwonse.

Alimiwo sanavomere chimodzimodzi. Mkulu wina wa imvi anati kwawo ankathira ndowe za ng'ombe m'dimba ndipo palibe anafa nazo, ndiye kusiyana kwake n'kotani, poti dothi limasefa ndipo moto umapha zonse. Mnyamata wina amene anali msilikali anati ana ake amatuluka njoka, inde, koma ana a mlongo wake amene salima n'komwe amatulukanso. Mayi wina wonenepa anaseketsa anthu ponena kuti iye alifasi saika m'kamwa, amagulitsa kwa a m'tauni, ndipo ngati muli uve ndi uve wawo womwe ukubwerera kwa eni ake. Panalinso ena amene anavomera kuti miyendo imayabwa ndipo m'mimba mumavuta, koma analankhula motsitsa mawu, poopa kuti awathamangitsa pamalopo.

Mkazi uja anadikira onse amalize. Ataimirira sanafune womasulira. Analankhula ndi bamboyo m'Chipwitikizi, kenako anabwereza yekha m'Chinyungwe kuti tonse timve. Anati palibe pano amene amakonda fungo limenelo. Mtsinje uli kutali, malo a m'mphepete mwake ali ndi eni ake, ndipo pampu alibe. Akawapatsa madzi ena, mawa lomwe valeta amusiya. Anthu anawomba m'manja, ndipo pakati pa owombawo ndinaona amuna anga.

Sindinaganize kuti ndilankhula, ndinangopezeka ndaimirira. Ndinati ine za mapampu sindizidziwa, chimene ndikudziwa n'choti bambo a kunyumba kwanga anali ndi mapazi abwinobwino asanayambe kubwera kuno, lero akuyenda ngati aponda minga. Bambo wa zaumoyo anagwedeza mutu, n'kuwaitana amuna anga kuti aonetse. Anavula patapata pamaso pa anthu, nkhope ili pansi.

Mkazi uja anatembenukira kwa ine, osakwiya n'komwe.

"Mana, ndawauza kambirimbiri bambowa kuti akaweruka azitsuka ndi sopo ndi mchere, aziumitsa pakati pa zala. Phazi lakumanzerelo ndi limene linayamba, ndinawaonetsa ndine. Samva. Mwina inu akumverani."

Anthu anaseka, osati moipa, koma anaseka. Ine ndinakhala pansi. Sindinadziwe kuti linayamba ndi lakumanzere. Ndinali mkazi wa munthuyo, tinathawa limodzi asilikali ali kumbuyo kwathu, tinaika mwana wathu woyamba m'dziko la eni, koma phazi lake linadziwika ndi wina. Kunyumba ndinatenthetsa madzi, ndinathiramo mchere wambiri kuposa woyenera, n'kuwaikira beseni patsogolo. Anaviika mapazi akuluma mano, osadandaula.

Mvula yoyamba itagwa, mtsikana wanga anadwala. Anatsegula m'mimba ndi kusanza mpaka maso analowa m'kati. Dzulo lake bambo ake anali atamupatsa tsamba la alifasi kuti alawe zimene amadya a m'tauni, choncho ine mlandu ndinali nditaugamula kale. Ndinamubereka mwana wamkuluyo kumsana, wamng'ono n'kumusiya kwa mayi wa ku Tsangano, ulendo wa kuchipatala. Pakhonde panali podzaza amayi ndi ana odwala chimodzimodzi. Ndinakhala pamzere, mwana akulefuka, ndipo namwino akadutsa ndinkalephera kumuimitsa chifukwa Chipwitikizi changa chinali cha moni basi.

Amene anandiona ndi mkazi uja. Anali pakona ndi mwana wake wamwamuna atagona pa nsalu, nayenso wodwala. Anabwera, anatsina khungu la pamimba pa mwana wanga, ataona kuti silikubwerera anapita molunjika kwa namwino n'kumugwira dzanja. Sindikudziwa zimene ananena, koma posakhalitsa mwana wanga anali pabedi akulandira madzi a m'botolo. Ndinamuthokoza, ndipo ngakhale pamenepo, mwana ali pakati pa moyo ndi imfa, kanthu kena m'kati mwanga kankawawidwa kuti pakamwa pamene panatsegula chitseko ndi pake, osati panga.

Namwino nditamufunsa kudzera mwa iye yemweyo ngati ndi alifasi, anati zikhoza kutheka, koma ikhozanso kukhala mvula imene yakokolera zoipa m'zitsime, kapena ntchentche. Anatilozera ana onse aja n'kunena kuti ambiri mwa iwo alifasi sanamuonepo. Yankho limenelo silinandikhutitse. Ndinkafuna wolakwa mmodzi.

Tinakhala pachipatalapo masiku angapo, mphasa zathu zili moyandikana. Amuna anga ankabwera ndi chakudya masana, ndipo ndinkaonetsetsa maso awo akalowa, kuti ayamba kuyang'ana mbali iti. Ankayamba ndi mwana. Iwo akapita, mkazi uja ankalankhula, ine n'kumamvetsera. Anandiuza kuti sananenepo kuti madziwo ndi abwino. Ana ake sawalola kuponda m'dimba. Pothirira amalowetsa madzi m'mizere kuti afike kumizu, osawaza pamasamba, ndipo akatsala pang'ono kuthyola amasiya kuthirira kuti dzuwa liwambe. Anati zonsezi anaziphunzira yekha atataya khanda m'zaka za njala, ndipo mpaka lero sadziwa ngati linapita ndi madziwo kapena ndi mabere ake ouma. Analankhula akuyang'ana kukhoma, osalira.

Tsiku lotuluka, tikupinda nsalu, ananena za amuna anga osafunsidwa.

"Bambo anu aja amatopetsa, mana. Tsiku lonse nkhani ndi dimba lanu la ku Angónia, kabichi wanu, mmene mumapangira mabedi. Ndinawauza kuti ngati ali katswiri chotero bwanji osabwera naye."

Sindinadziwe ngati akunena zoona kapena akungondipaka mafuta. Ndinaganizanso kuti ngati amacheza tsiku lonse mpaka kutopetsana, ndiye kuti amacheza ndithu. Koma mawuwo anandipatsa njira. Chitsime cha mayi wa ku Tsangano chinali chitagumukira ndi mvula, kadimba kanga katakwiririka ndi matope. Mwana atapeza mphamvu ndinauza amuna anga kuti chigawo cha ku valeta chija ndichitenga ine, iwo akafune ntchito ya amuna, poti ndinamva kuti kumsewu akulemba anthu. Anandikumbutsa kuti ndinalumbira kufa ndi njala. Ndinati ndasintha maganizo. Sanatsutse, ndipo sindinathe kuwerenga pankhope pawo ngati akondwa kapena ataya kanthu.

Tsiku loyamba kuponda m'madzi aja ndinasanza. Anali ofunda, oterera pansi. Patatha sabata fungo ndinasiya kulimva, kupatula ndikalowa m'tchalitchi n'kuona wina akusuntha pabenchi. Mapazi anga nawo anang'ambika, mpaka ndinagula mabotasi akale kwa munthu wa ku migodi ya ku Moatize, aakulu moti ndinkaikamo nsanza. Ndinkathirira kumizu monga anandiuzira mkazi uja, ana anga sankafika kumeneko, ndipo alifasi sindinabzalepo ngakhale anali ndi msika. Kove wanga anakula, anada, ogula anayamba kuima pa ine. Ana anasiya kugona ndi njala, mtsikana analowa sukulu ndi nsapato. Njoka zam'mimba zinkabwera, tinkamwa mankhwala, zinkabweranso.

Kove wa mkazi uja ankaposabe wanga. Dimba lake linali kumtunda, madzi ankayamba kudutsa kwa iye, kwa ine n'kufika otsala. M'miyezi yotentha ndinkaima m'mabotasi anga kuyang'ana madzi akudawo akulowa m'mizere yake, ndikuwerengera mumtima kuti atseka liti kuti nanenso ndilandire. Ine amene ndinaphimba mphuno tsiku lija ndinafika pokangana ndi anthu chifukwa cha madzi a m'chimbudzi. Iye sankandimana, nthawi zina ankatseka msanga dala kuti afike kwanga, ndipo zimenezonso zinkandipweteka mwa njira yake. A zaumoyo atabweranso chaka china, ndinadzimva ndikuwauza kuti zimene akunenazo ndi zoona, tonse tikuzidziwa ndi matupi athu, koma atiuze kaye kumene tikatunge ena.

Tinalima moyandikana zaka zingapo, mpaka mapaipi anakonzedwa, valeta anauma, malowo anagawidwa kwa anthu omanga nyumba. Iye anali atamanga kale nyumba ya njerwa ku Muthemba, n'kutsegula kagolosale pakhomo. Ine ndinayamba kuoda mbatata ndi kabichi kwa a malole ochokera kwathu n'kumagulitsa mu msika. Tinkaonana mwa apo ndi apo, pamaliro kapena pa basi. Ngati panali kanthu pakati pa iye ndi amuna anga m'miyezi imene ankalima awiri, palibe anandiuzapo, ndipo m'madimba muja nkhani zotero sizinkabisika. Ndinawafunsapo kamodzi, tili okalamba kale. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti munthu angafunsire mkazi ataima m'zonyansa mpaka m'maondo? Limenelo silinali yankho, koma ndi limene ndinapatsidwa.

M'matenda awo omaliza amuna anga anagona miyezi, osafuna kudzuka ngakhale abale awo atabwera kuchokera ku Angónia. Masana ena mdzukulu wanga anadzandiuza kuti panja pali agogo ena aatali akufunsa odwala. Anali iye, tsitsi lonse litayera, atanyamula nthochi m'kathumba. Nditalowa kukawauza amuna anga kuti kwabwera ndani, anatsegula maso, n'kundipempha kuti ndiwadzutse ndi kuwapatsa malaya awo a mizeremizere. Ndinawaveka ndekha, ndinawamanga mabatani mpaka pakhosi, ndinawatsamiritsa kukhoma. Anacheza pang'ono m'Chinyungwe za anthu a kumadimba, amene anamwalira ndi amene atsala. Ine ndinali pakhomo ndikusenda nthochi imodzi imene sanathe kuidya.

Potuluka ndinamuperekeza mpaka pamsewu. Anandigwira dzanja n'kunena kuti ndawasamala bwino, akuoneka oyera. Ndinati zikomo, ndinadikira naye mpaka basi inabwera. Nditabwerera ndinawapeza atagona kale, malaya ali m'thupi, ndipo ndinawasiya nawo mpaka madzulo.